Wopalira wa Usiku M'munda mwa Bernadetta

Munda sudzipalira wokha. Zimenezi ngakhale mwana woyamwa amadziwa. N'chifukwa chake m'mawa umene Gregorio anapeza mizere ya kumunsi kwa munda ili mbee, udzu utazulidwa, dothi litakokeredwa bwinobwino kumapesi, anaima nthawi yaitali khasu lili paphewa, kukamwa kuli yasa. Dzulo lake madzulo anadutsa pomwepo akuchokera ku Njuli kumene ankaphwanya miyala paganyu, ndipo anaona ndi maso ake udzu utafika m'mawondo. Anagona akudandaula kuti aupalira liti. Tsono lero udzu uja kunalibe. Mame anali asanakamuke, ndipo pakati pa mizere panali mapazi a munthu wosavala nsapato, ang'onoang'ono, chala chachikulu chotalikirana ndi zinzake.

Mapazi oterowo iye ankawadziwa. Anali atawatsukapo ndi manja ake miyezi ingapo m'mbuyomo, mwini wake ali gone pamphasa osathanso kudzuka.

Bernadetta, mkazi wake, anamwalira m'nyengo yachisanu chaka cha 1998, n'kumusiyira mwana mmodzi, Maureen, kamtsikana ka maso aakulu kamene kanali katangoyamba sukulu. Gregorio anali mkamwini. Kwawo kunali cha ku Magomero, ndipo pamudzi pano chake chenicheni chinali njinga yopanda mabuleki ndi mwanayo basi. Ndipotu mwanayonso, mukafunsa eni mudzi, sanali wake. Mwana ndi wa kuchikazi. Maliro atatha, abale a mkazi anafuna kumusudzula kuti azipita kwawo monga mwa mwambo. Iye anagwada pamaso pa a Bonifasio, mchimwene wa malemu, amene anali mwini mbumba, n'kupempha kuti amulole alere mwana wake.

A Bonifasio anayang'ana munda uja nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira munthu wogwadayo. Malo ku Chiradzulu ndi ochepa, inu, anthu amakanganirana ngakhale mzere umodzi wa m'malire.

"Khalani, alamu, tione," anatero. "Koma tsiku limene munda wa mlongo wangawu udzalephere kudyetsa mwana, njira ya kwanu mukuidziwa."

Choncho mukhoza kuona chimene mizere yopaliridwa ija inatanthauza kwa iye. Poyamba anadzilimbitsa mtima kuti ndi amayi a mumphakati, akhristu anzake amene ankapemphera ndi Bernadetta, amumvera chisoni. Lamulungu anaimirira pamsonkhano wawo n'kuthokoza ndi mawu okoma. Amayi aja anangoyang'anana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako kumunda kwake. Gregorio anakhala pansi msanga, manyazi ndi mantha zitamugwira pamodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi anaitsekera m'mimba. Wopalira uja anapitiriza kubwera mwa apo ndi apo mpaka chimanga chinacha. Chaka chimenecho anakolola pang'ono, koma anakolola.

Mavuto anadza ndi mvula yotsatira.

Kaufiti si mlendo kwathu kuno. Sanabwere pa sitima kapena m'thumba la mbewu zogula. Akuluakulu anamupeza, kachitsamba konyozeka kofika pakakolo, ka timaluwa tofiira, kamene kankamera kamodzi apa kena uko pakati pa udzu wa m'tchire. Ana aakazi ankathyola timaluwato n'kutsomeka m'tsitsi. Nthawi imeneyo munda ukatopa ankausiya ugone, tchire lidzibwerera. Koma anthu anachuluka, tchire linatha, mitengo ya m'phiri inapita ndi nkhwangwa m'zaka zoyamba za matipate, feteleza anakwera mtengo mpaka anthu n'kumangomuonera m'sitolo. Chimanga pa chimanga, chaka ndi chaka, pa dothi lomwelo lotopa. Ndiye kachitsamba kaja kataona kuti udzu wake watha, kanatembenukira chimanga. Kamagwira muzu pansi pa nthaka, kumene diso silifika, n'kumayamwa. Mvula ikugwa bwinobwino, koma chimanga chili chikasu, chopinimbira, masamba opotana ngati kuli ng'amba. Pamene timaluwa tikuonekera pamwamba, ntchito imakhala itatha kale.

Chaka chimenecho minda inafiira. Koma sinafiire mofanana, ndipo apa m'pamene panagona nkhani. Kunja kwa mudzi kunali mphambano, pamene njira ya kuchigayo imadutsana ndi ya kutchalitchi, ndipo aliyense wa maso anaona kuti kufiirako kunkayambira pamenepo n'kutsata njira zonse zinayi. Munda wa a Shabani, bambo wa ana ambiri amene ankalima moyang'anizana ndi mphambanoyo, unatheratu psiti. Ndipo m'mawa uliwonse anthu opita kuchigayo ankapeza pakati pa njira mulu wa kaufiti wozulidwa kumene, mizu ikadali ndi dothi lonyowa.

Nanga munda wa Gregorio? Ha! Sunali wokongola, ayi, nawonso unali ndi mabala ake. Koma unali woyera kuyambira kumunsi mpaka kumtunda kuseri kwa chulu, wopanda duwa lofiira ndi limodzi lomwe, pamene mwini wake ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, manja ali matuza okhaokha ndi miyala ya ku Njuli.

Pakamwa pa anthu sipachedwa. Pachitsime anayamba n'kunong'ona, kuchigayo anakweza mawu pang'ono, pamowa anatchula dzina lenileni: ndondocha. Ankati Bernadetta sanafe imfa ya Mulungu. Ankati mwamuna wake anamupha ndi mankhwala, n'kukamudzutsa kumanda, n'kumudula lilime kuti asaulule, ndipo tsopano amamulimitsa usiku. Ankati m'bokosi muja anakwirira thunthu la nthochi. Wina anati anamva kubuula kuseri kwa nkhokwe ya Gregorio. A Shabani analumbira kuti akuchokera kumaliro usiku anaona munthu wamkazi atafunda chitenje cha malemu, dengu lili pamutu, akuyenda mowerama kulowera kumphambano, ndipo agalu onse a m'mudzi anali chete.

"Matenda a m'munda mwake akutitayira ife panjira kuti tizitola ndi mapazi," anatero a Shabani, misozi ili m'maso. Sanali munthu wankhanza. Anali munthu amene ana ake ayamba kugona ndi mango owiritsa.

Gregorio zonsezi ankazimva, pakuti miseche imafika ndithu kwa mwini wake, imangochedwa panjira. Chimene sakanauza munthu n'chakuti iyenso usiku ankamva zinthu.

Zinkayamba nkhululu zikatopa kulira, mudzi wonse uli zii, utsi wa m'makhitchini utazilala. Kumunsi kudambo achule ankasiya phokoso lawo onse pamodzi ngati wina wawakhalitsa chete. Kenaka, kuchokera m'munda umene unayambira kuseri kwa nyumba, kunkamveka khasu. Silinali khasu wamba. La Bernadetta linali ndi mpini wong'aluka umene iye mwini Gregorio anaumanga ndi waya, ndipo likamenya pansi wayayo ankalira pang'ono: khwe, tsiri, khwe, tsiri. Khasulo linasowa pa nthawi ya maliro, m'piringupiringu wa anthu. Tsopano linkalira kuseri kwa khoma lake, pang'onopang'ono, n'kupuma, n'kuyambanso. Iye ankagona chagada, thukuta lozizira likutsikira m'makutu, akugwira kolona koma osatha kumaliza pemphero lililonse.

Usiku wina anamva mwana akutembenuka pamphasa pake.

"Ababa," Maureen ananong'ona. "Mwagona?"

"Gona, mwanangu."

"Ndi khasu la amayi limenelo."

"Ndi nsungwi zikukhulana ndi mphepo. Gona."

Kunalibe mphepo. Kenaka mwana uja anati, "Kusukulu anzanga akukana kukhala nane pafupi. Akuti kwathu kuli chinthu." Gregorio anatambasula dzanja mumdima n'kugwira kamutu kake, ndipo anamva kuti masaya anali onyowa. Mtima unamupweteka kwambiri.

Usiku wotsatira miyala inagwa padenga, ndipo m'mawa anapeza wina atathira mzere wa phulusa kuzungulira nyumba yonse. Usiku winanso anamva anyamata akunong'onezana kuseri kwa mpanda. Mawu onse sanawamve, koma anamva "palafini", anamvanso "pamphambano pomwepo". Anali akulimbitsana mtima kuti akabisale, ndipo chimene akachigwire, kaya ndi munthu kaya si munthu, akachiotche. Chinkawaletsa ndi mantha okha, ndipo mantha a anyamata amatha ndi botolo limodzi la kachasu.

Loweruka a Bonifasio anabwera, osalowa m'nyumba, osalandira mpando.

"Mawa tikaweruka kutchalitchi mubwere kwathu, alamu. Anthu akufuna mayankho. Inenso ndikufuna kudziwa chimene tinakwirira."

"Alamu, mlongo wanu ndinamudwazika ndekha. Munalipo."

"Mkamwini asamakule mwendo," anatero a Bonifasio. "Mukayankhe mawa."

Madzulo amenewo Gregorio anaperekeza Maureen kuti akagone kwa anganga ake, a Nabanda, mayi wa malemu, amene nyumba yawo inali kutsidya kwa munda. Anaima patali monga mwa nthawi zonse. Pa zaka zonse za ukwati wake sanayang'anepo apongozi akewo kumaso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira patchire. Mawu ankadutsira mwa Bernadetta, ndipo Bernadetta atapita ankadutsira mwa mwana: kawauze anganga ako zakuti, kawauze bambo ako zakuti. Umo ndi mmene ulemu unalili, ndipo onse awiri ankausunga mosaphonya, mwina mopitirira muyeso.

Atabwerera sanalowe m'nyumba. Anakhala pansi pa nkhokwe, atafunda thumba, n'kudikira. Kunena zoona, sikuti ankafuna kugwira munthu. Pansi pa mantha onse aja panali kanthu kena kamene ankachita nako manyazi: ankafuna kuti wopalirayo akhale Bernadetta. Ngakhale wopanda lilime, ngakhale wozizira, koma amuoneko kamodzi.

Mwezi unatuluka mochedwa, wodukaduka, uli m'mitambo. Achule analeka. Lumbe anauluka pafupi ndi nkhope yake mopanda phokoso. Ndiye masamba a chimanga anayamba kugwedezeka chakumunsi, mzere umodzi wokha, pamene mizere ina yonse inali duu.

Khwe, tsiri.

Anachiona. Chinthu chachifupi, chowerama, chitafunda chitenje kuyambira kumutu, chitenje chimene iye anagula ku Limbe chaka chimene Maureen anabadwa. Chinkakhasula kawiri katatu, n'kugwada, n'kuyamba kufufuza ndi manja m'munsi mwa mapesi, kuzula, kuponya m'dengu. Ndipo chinkang'ung'udza. Kanyimbo kopanda mawu, kotsika kumapeto, kamene Bernadetta ankang'ung'udza akamapeta ufa. Gregorio anangokhala pamenepo misozi ikuyenderera, mwamuna wamkulu, mpaka dengu linadzaza ndipo chinthu chija chinalisenza movutika n'kuyamba ulendo.

Anachitsatira chapatali, akuponda m'mbali mwa njira kuti asamveke. Chinkayenda pang'onopang'ono, n'kumaima kupuma. Galu wa pa nyumba ina anatuluka, n'kuchinunkhiza, n'kupukusa mchira. Pamphambano chinatula dengu, n'kukhuthula pakati penipeni, n'kulavula malovu kunjira iliyonse. Kenaka chinakhosomola, chifuwa chouma cha munthu wokalamba wofwenkha fodya.

Akufa sakhosomola. Ndipo chifuwa chimenecho iye anali atachimva zaka zambiri kuseri kwa mipanda.

Chiyembekezo chija chinazima nthawi yomweyo, ndipo zinamuwawa ngati maliro achitikanso kachiwiri. Thupi lake linachita zimene linazolowera: anatembenuka n'kupereka msana, n'kunjuta pansi.

"Amayi," anatero motsitsa. "Musaope. Ndine."

Kunamveka kaphokoso ka khasu likugwa. A Nabanda nawonso anatembenuka n'kukhala pansi, msana kwa mkamwini wawo. Panalibe mwana woti adutsitse mawu, tsono mayi wokalambayo, posowa chochita, analankhula ndi dengu.

"Dengu iwe, uwauze bambo a Maureen kuti sanaone kanthu. Abwerere akagone."

"Amayi, anyamata akufuna kudzabisala pano ndi palafini. Akanakhala iwo lero, bwenzi tikunena zina."

"Uwauze kuti ndikudziwa. Makutu ndili nawo." Mawu awo ankanjenjemera. "Nanga ndikanatani? Munda ukafa, Bonifasio awathamangitsa. Masana sindingalowe m'munda mwa mkamwini, anthu angati chiyani, mwana wanga yemwe angandidye wamoyo. Mwana wa Bernadetta wataya kale mayi. Atayenso bambo ine ndikuona?"

Zaka zonsezi Gregorio ankaganiza kuti apongozi akewo samuwerengera.

"Chitenjechi ndimafunda chifukwa chikadali ndi fungo lake," anapitiriza, tsopano ataiwala dengu lija. "Khasuli ndinatenga tsiku la maliro. Ndikaligwira ndimamva ngati tili awiri. Kumunsi konse ndimatha ndekha. Kumtunda kuseri kwa chulu kokha ndiko mawondo sandilola, koma ndimaona kuti inu mumayesetsa, n'koyera bwino."

Tsitsi linamuimirira Gregorio. Chiyambire mvula, kuseri kwa chulu iye anali asanaikeko khasu ngakhale tsiku limodzi. Zina ndi bwino kuzisiya mmene zilili.

"Koma bwanji pano, amayi?" anafunsa. "Bwanji osakataya kudzala, kapena kutentha?"

"Iii, choipa amataya kudzala? Chibwerera! Mayi anga anandiphunzitsa: madzi osambitsira wodwala, mankhwala otsala, chilichonse cha tsoka, umakataya pamphambano usiku, chisokonezeke njira, chisadziwe kobwerera. Kuyambira chaka chatha ndimataya pompano. Ndipo mwaona, kwanu sichinabwerere kwenikweni."

Dzanja la Gregorio linali litagwera pa zouma za milu yakale zimene mapazi anakankhira m'mbali mwa njira. Anatola kanthambi, n'kufikisa timakoko take pachikhatho. Mwezi unali utatuluka m'mitambo. Pachikhatho panatsala fumbi labii, losalala ngati fodya wa m'mphuno, lochuluka moti kulipuma kokha linauluka. Anatambasulira dzanjalo kumbuyo osatembenuka.

"Amayi, taonani ichi."

Anamva zala zouma zikukhudza chikhatho chake, koyamba chikwatirire pamudzipo.

"Fumbi," anatero a Nabanda.

"Ndi mbewu, amayi. Mumazula katachita kale maluwa. Kamaumira pano, anthu n'kuponda, mbuzi n'kuponda, madzi a mvula n'kukokolola. Njira zinayi."

Sanafune kuwapweteka, koma mawu akatuluka sabwezedwa. Mayi uja atayamba kulira sanalire mokweza. Kanali kakulira kakang'ono, kotsekereza ndi chitenje.

"Mayo ine. Munda wa Shabani. Ana aja amabwera kwanga kudzapempha madeya, ine n'kumawapatsa, n'kumati kalanga ana awa. Kani ndine? Ndine ndawapha ndi njala?"

"Si inu nokha. Dothi latopa, kanali kale m'minda monse, kakanabwera ndithu."

"Koma njira ndakasonyeza ndine." Anafwenthera. "Mawa ndikanena. Ndikaimirira pamaso pa onse ndikanene."

Apa Gregorio anaona zonse bwinobwino, ngati masana. Mayi wokalamba, wamasiye, woyenda usiku atafunda nsalu ya wakufa, wolavula malovu pamphambano. Ndani akanamva za chifundo chake? Chaka chomwecho, kutsidya kwa phiri, anthu anali atagwetsera nyumba gogo wina pa nkhani yochepa kuposa imeneyi. Ndipo iye Gregorio akanapulumuka mawa, nanga chaka chamawa? Mlendo ndi mame. A Bonifasio akanapeza chifukwa china, ndipo tsiku limenelo Maureen akanatsala wopanda bambo, wopandanso anganga. Mwa awiriwa, amene akanatha kukhala ndi mwanayo mpaka akule anali mayi wokalambayo, mwini dothi, malinga dzina lake likhale loyera.

"Mundipatse khasulo, amayi. Ndi chitenjecho."

"Mukufuna mutani nazo?"

"Anyamata angakupezeni nazo panjira. Ndikasunga ine."

Anawanamiza, ndipo iwo chifukwa cha kutopa ndi chisoni anakhulupirira. Anasiya zinthuzo pansi n'kunyamuka ndi dengu lopanda kanthu. Gregorio anamvetsera mapazi awo mpaka anazilala, kenaka anakwirira nkhope m'chitenje chija. Fungo linalimodi.

Mawa lake pabwalo la a Bonifasio panadzaza, ena mpaka kukwera pa mulu wa njerwa. Amayi anakhala mbali yawo, a Nabanda ali pakati pawo, maso otupa, Maureen atatsamira pamwendo pawo. A Shabani analankhula, ndipo polankhula anagwetsa misozi, anthu n'kuyamba kung'ung'udza. Anyamata aja anaima kumbuyo, manja ali kumsana.

"Alamu," anatero a Bonifasio, "amapalira m'munda mwanu usiku ndani? Amataya zoipa pamphambano ndani?"

Gregorio anaona a Nabanda akusuntha mwana, akugwira pansi ndi manja onse awiri kuti adzuke. Ndiye anachita chinthu chimene mudzi uja umakambabe. Anatembenuka, n'kuyang'ana apongozi ake m'maso, tcho, pamaso pa anthu onse, n'kukweza mawu.

"Khalani pansi, amayi! Afunsa ine, sanafunse inu!"

Amayi ena anagwira pakamwa. "Asa! Mkamwini kukalipira mpongozi?" A Nabanda anagwa chokhala, atadzidzimuka. Inali nthawi yoyamba kuti aone bwino nkhope ya munthu amene anakwatira mwana wawo, ndipo nkhopeyo inkawapempha kuti akhale chete.

Iye anamasula thumba n'kutulutsa khasu la waya ndi chitenje, n'kuziika pansi.

"Ndine. Masana ndimakhala kumiyala, ndiye ndimapalira usiku. Ndimafunda ichi chifukwa ndimamusowa mkazi wanga. Kaufiti ndimataya pamphambano ndine, kuyambira chaka chatha. Sindinadziwe kuti ndikufesa. A Shabani, ndakulakwirani. Chimanga chimene chili m'munda mwangamo mugawane ndi mwana wanga."

Phokoso linabuka. Ena anakuwa kuti akunama, ndondocha ilipo, aulule kumene amaibisa. Chibuma chinamugunda paphewa, china pakhutu. Mapazi ang'onoang'ono aja palibe anawakumbukira. Anthu anali atapeza munthu woti amukwiyire, ndipo zinawakwanira. A Bonifasio anaimika manja. Iwo magazi sankawafuna, chimene ankafuna anali atachipeza.

"Dzuwa la mawa lisakupezeni pano. Mwana atsala ndi eni ake."

A Nabanda anali ataphimba nkhope, mapewa akugwedezeka. Anthu anati akulira chifukwa cha chipongwe chimene mkamwini wawachita.

Kunja kusanayere bwino Gregorio anamanga bulangete, mapoto awiri ndi nyundo yake ya miyala pa njinga. Sanapite kukatsanzika, poopa kuti akaona mwanayo miyendo ikana. Koma atangodutsa malire a munda anamva timapazi tikuthamanga pambuyo pake.

"Ababa! Ababa, dikirani!"

Maureen anali atavala diresi lake la sukulu mopindula, wopanda nsapato, akupuma mwawefuwefu. Gregorio anagoneka njinga n'kugwada.

"Ndikupita kwa agogo ako ku Magomero, mwanangu. Sikutali. Uzimvera anganga. Zinthu zikazizira ndidzabwera kudzakuona."

Maureen sanalire. Anamuyang'anitsitsa ndi maso aakulu aja, kenaka anayang'ana katundu wa panjinga, ngati akufunafuna kanthu.

"Anthu akuti amayi mumawasunga ndinu," ananong'ona. "Akuti mumawabisa."

"Maureen..."

"Ine sindikwiya, ababa. Koma musapite nawo. Inu ndinu wamkulu. Asiyeni kuno. Ngakhale salankhula, ine sindiwaopa."

Kalanga ine, munthu angayankhe chiyani pamenepo? Choonadi chinali pakamwa pake, chathunthu, koma kuchinena kunali kupereka anganga ake m'kamwa mwa mwana wa sukulu, ndiponso kumuphera mayi ake kachiwiri m'mawa womwe akutaya bambo. Anamukonza kolala ya diresi ndi zala zake zamatuza.

"Ndawasiya, mwanangu," anatero. "Sindikupita nawo."

"Zoona?"

"Zoona."

Nkhope ya mwana uja inawala. Anamwetulira, kumwetulira kwenikweni kumene bambo ake anali asanakuone chimwalirire mayi ake.

"Ndiye ndikasese m'nyumba, apeze pabwino!"

Anatembenuka n'kuthamanga kubwerera kumudzi, timiyendo tikumwaza mame. Gregorio anakhalabe chogwada panjira, dzanja lili m'mwamba kuti amubayibitse akacheuka. Koma Maureen sanacheuke. Anali ndi changu chokakonzekera amayi ake.